Kuyenda m'nkhalango ndi m'mbali mwa mtsinje nyengo yozizira

Ulendo wa nyengo yozizira amaukonza chobwerera m'mbuyo, kuyambira kumadzulo. Ine ndinazidziwa mochedwa zimenezi, tsiku lina ndili ndi alamu anga. Tinanyamuka dzuwa lili kale pamutu poti tidikire kaye kunja kufunde. Njira yake inali ya makilomita 9 okha, yoti tinaiyendapo kale nyengo yotentha. Titatsikira m'chigwa, dzuwa linabisala kuseri kwa chitunda nthawi yake isanakwane n'komwe. Malaya anga a thonje, amene ananyowa ndi thukuta pokwera mtunda, anandimata kumsana ngati chisanza chokolopera. Makilomita awiri otsiriza tinawayenda mopapasa mizu ndi mapazi, anthu awiri tikulimbirana kuwala kwa foni imodzi. Titatulukira kumsewu alamu anangoti, "Alamu, za lerozi tisakazinene kunyumba."

Ndikuzinena pano kuti inu musazione.

1. Fufuzani kaye ola lolowera dzuwa

Musanatsegule mapu, musanaganize za nsapato, dziwani kuti dzuwa lilowa nthawi yanji tsiku limenelo. Foni iliyonse yokhala ndi zanyengo imakuuzani. Usana waufupi kwambiri umakhala cha pa 21 Disembala kumpoto kwa equator (mzere wa pa mapu wogawa dziko lapansi pakati), ndipo kummwera cha pa 21 Juni. Mukatalikira equator kusiyana kwake kumakula: ku London usana wa kumapeto kwa Disembala sukwana maola 8, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Pa ola limene mwapezalo chotsanipo ola lathunthu. Imeneyo ndiyo nthawi yoti mukhale mutatuluka m'nkhalango. Ola la pafoni amawerengera munthu amene waima pamtetete, pomwe akuona mpaka kumene thambo lakumana ndi nthaka. Inu mudzakhala pansi, zitunda uku ndi uku, nthambi pamwamba. Kumeneko mdima sugogoda, umangolowa.

Tsopano werengerani kutalika kwa ulendo. Pali lamulo lakale limene William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, analemba mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Ulendo wa makilomita 10 wokhala ndi chikweza cha mamita 300 ndiye kuti ndi maola awiri ndi theka. Koma Naismith ankanena za munthu wamphamvu, woyenda osaima, pa nthaka youma. Matope, kupuma, kujambula zithunzi ndi mwana amene akufuna kuponya kamwala m'madzi pa khota lililonse mulibemo m'masamu akewo. Ine ndimawonjezapo theka la nthawiyo, ndiye maola awiri ndi theka amasanduka pafupifupi anayi. Ngati dzuwa lilowa 4:30, mutuluke pofika 3:30, kutanthauza kuti 11:30 ikakupezani musanayambe, mwachedwa kale. Yambani 10 koloko, muyende mtima uli m'malo.

2. Sankhani njira, ndipo sankhani koyambira

Pa mapu a sikelo ya 1:25,000, masentimita 4 ndi kilomita imodzi. Pa 1:50,000 ndi masentimita awiri. Mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa malo ikathinana, pamenepo ndi potsetsereka kwambiri. Ikadutsa kamtsinje imapanga chilembo cha V, ndipo nsonga yake imaloza kumene madzi akuchokera. Kadziweni kameneka, kadzakuthandizani tsiku lina nkhungu itatseka.

Njira yozungulira imaposa yopita n'kubwerera momwemo, koma funso lalikulu ndi lakuti muyambire mbali iti. Ambiri saliganizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku wopanda mitambo ndi mphepo umatsetsereka m'zitunda n'kukadikha m'chigwa ngati madzi m'beseni. N'chifukwa chake m'mawa mumapeza udzu wa m'mbali mwa mtsinje uli mbuu ndi chisanu pomwe kumtunda kuli bwinobwino. Madzulo chigwa chomwecho ndicho chimayamba kuda. Ndiye konzani kuti mufike kumtsinje dzuwa lili pamutu, gawo lovuta mulithe miyendo ikadali ndi mphamvu, ndipo mumalizire pa njira yotakata, yoti ngakhale kutachita chizirezire simungaiphonye. Kukakhala mphepo, ikuwombeni kumaso popita kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani kumsana.

Chongani pa mapu malo awiri kapena atatu othawira, pomwe kanjira kena kamatulukira kumsewu. Onaninso kuti njirayo ndi yololedwa kudutsamo. Nkhalango zina ndi za eni ake, zina amazitseka akamadula mitengo kapena nyengo yosaka nyama, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko.

3. Zanyengo: yang'anani dzulo ndi dzana lomwe

Kumwamba kukhoza kukhala mbee, koma mtsinje ukunyamula mvula imene inagwa kumapiri masiku awiri apitawo. Ngati kwakhala kukugwa mvula yambiri, kapena chipale (madzi oundana ogwa kuchokera kumwamba) chikusungunuka, njira ya m'mphepete mwa madzi isiyeni, yendani yakumtunda. Ngati alengeza mphepo yamkuntho, nkhalango si malo oti mupiteko, basi.

4. Zovala

Mdani wanu weniweni si kuzizira ayi, ndi kunyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya. Ndipo madzi amene amanyowetsa anthu ambiri sachokera kumwamba kapena mumtsinje, amachokera m'thupi mwawo momwe.

Choncho musavale chijasi chimodzi chachikulu. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, zoti muzitha kuvula ndi kuvala. Chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha poliyesitala, chifukwa zimenezi sizisunga thukuta pakhungu. Thonje limamwa madzi n'kuwasunga, ndipo jinzi ikanyowa siuma mpaka mukafike kunyumba, kwinaku ikukupalani m'ntchafu. Pakati valani juzi, pamwamba jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Chipewa chofika m'makutu ndi magolovesi zikhale m'thumba lapafupi.

Nyamukani mukumva kakuzizira pang'ono. Zimamveka zachilendo, ndipo ndaonapo anthu akundiyang'ana ngati wozungulira mutu ndikuvula juzi poyambira ulendo, iwo atadzikutira mpaka m'maso. Pakatha mphindi khumi amakhala ataima pa chitunda choyamba, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi zipi. Vulani musanatuluke thukuta, valani mukangoima, musanayambe kumva kuzizira.

Nsapato zikhale zogwira akakolo, zokhala ndi mano akuya kuphazi, ndiponso zoti munaziyendera kale. Nsapato yatsopano ndi fakitale ya matuza. Masokosi akhale okhuthala koma osathina, pakuti chala chofinyidwa magazi safikako bwino ndipo ndicho chimayamba kuuma ndi chisanu.

5. Za m'chikwama

Ikani kaye pepala lalikulu la pulasitiki m'kati mwa chikwama, katundu yense alowe m'menemo. Tochi ndiyo yoyamba kulowa, makamaka yomanga pamphumi kuti manja akhale omasuka, pamodzi ndi mabatire apadera. Kenako mapu apepala ndi kampasi, wenzulo, masokosi ena ouma, juzi yapadera yoti simuivala poyenda, mapulasitala ndi bandeji, madzi akumwa, chakumwa chotentha m'fulasiki, ndi chakudya chopatsa mphamvu choposa chimene mukuganiza kuti mudya. Kachidutswa ka siponji kokhalira sikalemera kanthu, koma kamasiyanitsa kupuma kokoma ndi thalauza lonyowa kumbuyo. Ndodo yoyendera m'matope ndi mwendo wachitatu.

Foni musaiike m'chikwama kapena m'thumba lakunja. Batire la lithium limafooka likazizidwa, moti foni imene imaonetsa 40 peresenti ikhoza kungozima mwadzidzidzi. Isungeni m'thumba lamkati, pafupi ndi chifuwa, ndipo mapu a pafoni muwatsitsiretu muli kunyumba popeza m'zigwa netiweki imasowa kawirikawiri.

Chomaliza musanatseke chitseko: uzani munthu wina kumene mukupita, njira imene mudzere, ndi ola loti akapanda kumva za inu ayambe kufunsa. Musangoti "ndikukayenda kunkhalango". Mutumizireni chithunzi cha mapu.

6. M'nkhalango

Kumene mitengo imayoyola masamba, nyengo yozizira imavula nkhalango n'kuionetsa mmene ilili. Mumaona patali, zisa zakale zili poyera m'mphanda za nthambi, ndipo mawu a mbalame imodzi amamveka kutsidya. Koma masamba omwewo akagwa amakwirira njira. Kanjira kamene kanali koonekeratu miyezi itatu yapitayo kamasanduka chimodzimodzi ndi nthaka yonse, ndipo pansi pa masambawo pali mizu, miyala ndi maenje.

Fupikitsani mapazi. Pondani phazi lonse, osati chidendene chokha, ndipo muzu wonyowa muzichita kuudumpha, osauponda, chifukwa umaterera ngati sopo. Potsika pindani mawondo pang'ono, manja atuluke m'matumba. Munthu wogwa manja ali m'thumba amatera ndi chibwano.

Pa mphambano iliyonse imani, muyang'ane mapu, kenako mucheuke muone mmene malowo akuonekera kwa munthu wochokera mbali inayo. Mtengo wopindika umene mwaudutsa suoneka chimodzimodzi pobwerera. Musadalire mutu wanu kuti ukuyendetsani molunjika. Mu 2009 akatswiri a ku Max Planck Institute ku Germany anauza anthu kuti ayende molunjika m'nkhalango kwa maola angapo, akuwatsatira ndi GPS. Amene anayenda dzuwa likuoneka anayendadi molunjika ndithu, koma amene anayenda kuli mitambo ankangozungulira, ena mpaka kudutsanso pomwe anadutsa kale osazindikira. Tsiku la mitambo kampasi ituluke m'thumba.

Nthawi ndi nthawi kwezani maso. Nthambi youma imene inathyoka n'kukodwa m'nthambi zinzake imangodikira kamphepo. Musapumire pansi pake, ndipo musatsamire mtengo woti makungwa ake akusendeka okha.

7. M'mbali mwa mtsinje

Apa ndi pomwe pali kukoma kwa ulendo wonse, ndi pomwenso pamafunika maso. Yambani mwauwerenga mtsinjewo. Madzi oyera, oti miyala yapansi ikuoneka, ndi mtsinje umene uli pamtendere. Madzi ofiirira, onyamula zinyalala ndi tinthambi, akukuuzani kuti kumtunda kwagwa mvula ndipo akhoza kukwerabe. Onani udzu ndi zinyalala zimene zakodwa m'tchire la m'mbali: pamene zafikapo ndi pomwe madzi anafika posachedwapa. Zikakhala kumtunda kwa njira yanu, dziwani kuti njirayo imamira.

Pa khota, madzi amathamanga kwambiri mbali yakunja ndipo amakumba gombe chapansi. Pamwamba pamaoneka udzu wabwinobwino, pansi pali mphako. Yendani mamita awiri kapena atatu kutali ndi m'mphepete, makamaka pamene mwaona ming'alu m'nthaka kapena mizu ikulendewera m'malere. Mbali yamkati ya khota ndi kumene madzi amasiya mchenga ndi timiyala, ndipo ngati mukufuna kufika pamadzi penipeni, tsikirani kumeneko.

Milatho yamatabwa ndi yachitsulo imagwira chisanu msanga kuposa njira, chifukwa mphepo imaizizira pamwamba ndi pansi pomwe. Gwirani chogwirira, yendani pang'onopang'ono. Miyala yowolokera ikakhala ndi ndere zobiriwira kapena ikamira ngakhale pang'ono, musaiyese.

Za kuwoloka pansi, maganizo anga ndi akuti nyengo yozizira musawoloke. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu. Kuzungulira kilomita imodzi kukafuna mlatho n'kotopetsa, koma mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Ngati ndi kamtsinje kosafika m'mawondo ndipo palibiretu njira ina, sankhani pamene katambasuka n'kukhala kosaya, osati popapatiza. Masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno kuti mukagwa muchitaye msanga, nsapato musavule, yang'anani kumene madzi akuchokera, zikani ndodo kutsogolo kwanu, ndipo muzisuntha phazi limodzi linalo litakhazikika. Mukaoloka finyani masokosi, muvale ouma aja.

Munthu akagwera m'madzi ozizira kwambiri, mphindi yoyamba ndiyo yoopsa. Thupi limadzidzimuka, amakoka mpweya mosafuna ndipo akhoza kumeza madzi. Chofunika ndi kugona chagada, kutambasula manja, kudikira kuti kupuma kubwerere m'malo, miyendo italoza kumene madzi akupita kuti iziyamba ndiyo kugunda miyala. Inu amene muli kumtunda musadumphiremo. Gonani chafufumimba pagombe, mumupatsire ndodo kapena nthambi yaitali. Galu akagweramo, chimodzimodzi: agalu ambiri amatuluka okha chakumunsi, ndipo anthu ambiri amira pofuna kupulumutsa galu amene pambuyo pake anatuluka yekha. Kumene madzi amaundana, musaponde ayezi wa pamtsinje ngakhale aoneke wolimba chotani, chifukwa madzi oyenda amamudya chapansi.

Tsopano zokoma zija. Pezani malo a dzuwa, obisika ku mphepo, valani juzi yapadera ija, khalani pa kasiponji kanu, mukhale phee kwa mphindi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zoyamba simuona kanthu, chifukwa zamoyo zonse zinakumvani muli kutali. Kenako kambalame kamene kanathawa kamabwerera pa mwala wake, kakugwedeza mchira. Pa matope a m'mbali werengani amene anadutsa usiku. Phazi la galu lili ndi zala zinayi ndipo zikhadabo zimaoneka. La mphaka zala zinayinso koma zikhadabo amabisa. La katumbu lili ndi zala zisanu, ndipo matope akakhala ofewa bwino mumaona ngakhale kachikopa kolumikiza zalazo. Ziboda zogawanika pakati, zosongoka kutsogolo, zimakuuzani kumene kanyama kanalowera katamwa madzi. Ine pamenepa ndi pomwe ndimaiwala wotchi, ndiye ndimachita kutchera alamu ya pafoni (alamu yolira, osati alamu anga aja).

8. Yang'aniranani

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, zinthu zayamba kuipa, ndipo vuto lake n'lakuti mwini wake sazindikira. Sipafunikanso chipale kuti zimenezi zichitike. Mvula, mphepo ndi kutopa n'zokwanira. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosaleka, kupunthwa pafupipafupi, kulephera kutseka zipi, kulankhula ngati lilime lalemera, kapena wangoti zii munthu wokonda nkhani, imani pomwepo. Musamufunse kuti "muli bwino?" chifukwa ayankha kuti ali bwino. Mupezereni pobisalira mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma, akhale pa chikwama osati pansi, ndipo ngati akutha kumeza bwinobwino mumupatse chakumwa chofunda chotsekemera. Musamutikite manja ndi miyendo. Mowa ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva ngati wafundidwa pomwe kutentha kukuthawa. Akasiya kunjenjemera koma akuonekabe wosokonezeka, zafika poipa, imbani foni yopempha thandizo. M'maiko ambiri nambala ya 112 imagwira pa foni yam'manja, koma fufuziranitu nambala ya kumene muliko.

Ana amazizidwa msanga kuposa akuluakulu, makamaka wobelekedwa, amene sakuyenda. Muzimugwira m'khosi ndi m'manja pafupipafupi.

9. Ola lobwerera

Musananyamuke gwirizanani ola loti likakwana mutembenuka kapena mudzera njira yachidule, kaya mwafika pomwe mumafuna kaya ayi. Mawu akuti "tangotsala pang'ono" ndi amene anachititsa kuti mdima utipeze m'chigwa ine ndi alamu. Mulinso ndi wotchi ina m'manja mwanu: tambasulani mkono, pingasani zala pakati pa dzuwa ndi pamwamba pa chitunda. Chala chilichonse ndi mphindi pafupifupi 15, zala zinayi ndi ola. Muyezere pa chitunda chimene chikutchingeni, osati kumene dzuwa likalowere.

Mukazindikira kuti mwasochera, imani. Mtima umakuuzani kuti muthamange, koma kuthamanga kumangokulowetsani m'kati. Imwani za m'fulasiki, tulutsani mapu, mukumbukire malo otsiriza amene munali otsimikiza, ndipo ngati n'kotheka bwererani pomwepo potsata mapazi anu. Ena amati ukasochera uzingotsata mtsinje. Kumakuthandiza kudziwa mbali imene ukulowera, inde, koma mumdima mtsinje umakufikitsanso pa maphompho ndi m'zithaphwi, choncho uzimvereni patali, musauyende m'mphepete. Kukada ndipo njira simukuiona, khalani malo amodzi, valani zonse zimene muli nazo, muimbe foni. Chizindikiro chopempha thandizo chimene opulumutsa anthu m'mapiri amachidziwa ndi kuliza wenzulo kapena kuthwanimitsa tochi kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, n'kubwerezanso. Akakumvani amayankha katatu. Musaleke kuliza mukamva yankho, chifukwa mawuwo ndi amene akuwalondolera.

10. Mukafika

Uzani munthu uja kuti mwabwerako, asayambe kukusakani muli pamoto. Dziyang'aneni m'miyendo ndi m'chiuno ngati simunatenge nkhupakupa, chifukwa tsiku lofunda pang'ono zimayendabe. Nsapato zichotseni matope akadali ofewa, mutulutse zamkati, mufwatikemo nyuzipepala zakale n'kuzisintha zikanyowa. Musaziyanike pafupi ndi moto, chikopa chimauma gwa n'kung'aluka ndipo guluu wa kuphazi amamatuka. Kenako lembani penapake ola limene munanyamuka, limene munafika kumtsinje ndi limene munatuluka. Mukayenda maulendo atatu kapena anayi mudzakhala ndi masamu anuanu, a miyendo yanu, ndipo a Naismith mudzangowasunga poyerekezera.